Nyenyezi Imene Inasochera M'kaundula

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu anga ndi ana onse pakhomopo. Kodi thupi likuti bwanji masiku ano? Msana uja munkadandaula nawo wayamba kumva mankhwala, kapena mukungolimba nawo monga mwa chizolowezi chanu? Nanga Amayi, mawondo akuwalola kufika kumsika okha? Ine kuno ndili bwino. Kachifuwa kanandigwira kuzizira kutangoyamba, koma katha.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhani yake ndi yaitali, ndipo pafoni inu mumandidula pakamwa ndi nthabwala ndisanafike pamutu pake. Kumapeto kuli pempho. Musadumphire komweko, yambani mwamva kumene lachokera.

Za pakhomo ndi izi. Ndinasamuka m'chipinda chija cha pamwamba pa malo otsukira magalimoto. Tsopano ndili pa nsanjika yachinayi m'nyumba ina, pafupi ndi pokwerera basi. Chikepe chake chimagwira ntchito masiku amene chakonda, moti miyendo yanga yalimba ngati ya wosewera mpira. Khomo loyandikana ndi langa kuli bambo wina wopuma pantchito ya sitima, ali ndi galu wokalamba amene amauwa aliyense kupatula akuba. Tikakumana pamasitepe bamboyo amandiuza za nyengo ya mawa, ndipo sanalondolepo ngakhale kamodzi.

Juzi ija anandilukira alamu ndinaiponya m'makina ochapira, n'kudina batani lolakwika. Inatuluka yokwana mwana wa zaka zisanu. Musawauze, ndidzaulula ndekha ndikadzalimba mtima.

Tsopano za kuntchito. Ndikudziwa kuti kugalaja mumauza anzanu kuti mlongo wanu anakwera ndege kukawerenga nyenyezi ngati munthu wosowa chochita. Lero ndikufotokozereni bwinobwino, kuti poseka muziseka zimene mukuzidziwa.

Mukukumbukira chaka chija munawotcherera geti la kusukulu popanda chigoba chakumaso, n'kukhala masiku awiri mukulira kuti m'maso mwalowa mchenga? Chimene chinakupwetekani si kuthwanima kumene munkaona ayi. M'moto wowotcherera muli kuwala kwina kosaoneka ndi maso, koma kumapsereza khungu ndi diso lomwe. Kuno amangokutchula mwachidule kuti yuvi. Nyenyezi nazo zimatulutsa kuwala kotereku, makamaka zotentha kwambiri. Mpweya umene wakuta dziko umatchinga kwambiri kuwalako, n'chifukwa chake tonsefe sitinapse. Choncho ofuna kukuyeza anachita kutumiza makina oonera kutali m'mwamba, pa setilaiti, kuseri kwa mpweyawo.

Makinawo amajambula ndithu, koma sadziwa chimene ajambula. Amatitumizira timadontho tosawerengeka, ngati mchere wotayikira pa nsalu yakuda, ndipo tina timakhala tosaoneka bwino. Ntchito yathu ndi kutenga kadontho kalikonse n'kupeza mwini wake pakati pa nyenyezi zimene zinayezedwa kale kuchokera pansi pano. Tikampeza timalemba m'kaundula: malo ake, mtundu wake, kuwala kwake, kutalikirana kwake ndi ife, ndiponso kumene ikulowera. Inde, nyenyezi zimayenda, kungoti pang'onopang'ono kwambiri moti munthu angakalambe osazindikira.

Akatswiri ofufuza a m'mayiko ambiri amatenga kaundulayo n'kumangapo maphunziro awo. Ife tili ngati amene amamata zilembo pa mabokosi m'sitolo ya masipeyala. Palibe amene amatiyamika bokosi likakhala lolondola, koma inu mukudziwa mawu amene mumalankhula mukapeza bawuti ya saizi ina m'bokosi limene si lake.

Ndipo musaganize kuti ndimakhala padenga n'kumayang'ana kumwamba. Timagwira masana, pa kompyuta, m'chipinda chimene zenera lake limayang'ana khoma la nyumba ina. Chibwerereni kuno nyenyezi zenizeni ndaona zosakwana khumi, chifukwa magetsi a m'tauni amaziphimba.

Munthu amene wandichititsa kulemba kalatayi ndi mayi wina wachikulire amene amayang'anira kaundulayo. Tonse timawatchula Mayi Pensulo, chifukwa pensulo sichoka m'tsitsi mwawo, ndipo nthawi zina amaiwala n'kulasamo yachiwiri. Ndi aafupi, amatsimphina pang'ono mwendo wakumanzere, ndipo salankhula mokweza. Agwira ntchitoyi zaka makumi atatu ndi zinayi. Anayamba nthawi imene nyenyezi ankazijambula pa magalasi, munthu n'kumayeza imodziimodzi ndi makina apamanja. Chilichonse chimene ankachita ankalemba m'kope, tsiku ndi tsiku, ndipo makopewo tsopano apitirira makumi asanu ndi limodzi. Ali ndandanda pa shelefu kumbuyo kwa mpando wawo.

Sabata yanga yoyamba anandipatsa timadontho makumi awiri kuti ndipeze eni ake pamanja, osagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta. Ndinanyansidwa mumtima, poganiza za masatifiketi anga onse. Nditamaliza anayang'ana pepala langa mphindi ziwiri, n'kunena kuti khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhoza, zitatu ndalakwa. Nditafunsa kuti ndi ziti, anangondibwezera pepalalo n'kupitiriza zawo. Zinanditengera masiku awiri kuti ndizipeze. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuwayang'ana ngati agogo otsalira m'mbuyo.

Chaka chino ndicho chinali chawo chomaliza. Kaundula watsopano, wamkulu kuposa onse, anayenera kutuluka kumapeto kwa chaka, iwo n'kupuma. Mkulu wa ofesi yathu, amene timawatcha a Changu chifukwa amalankhula nawe akuyang'ana wotchi, anali atalengeza kale tsiku. Anthu anali atayamba kunong'onezana za mphatso yowatsanzikira.

Pa nsanjika yapamwamba pali katswiri wina wofufuza, a Ndevu, munthu wotchuka amene akalowa m'chipinda anthu amawongola misana. Iwo anapeza m'kaundula wathu nyenyezi ina yofiira, yokalamba, yosatentha kwenikweni, koma yotulutsa kuwala kwa yuvi kochuluka modabwitsa. Zili ngati mutapeza mbaula yoti yazirala ikusungunula chitsulo. Anathera zaka ziwiri pa nyenyezi imeneyi, ndipo anali ataitanidwa kukakamba za iyo pamsonkhano waukulu wa akatswiri.

Ine, pokhala watsopano, anandipatsa ntchito imene aliyense amaithawa. Kaundula asanatuluke amasankha mizere mazana awiri mwachisawawa, wina n'kuionanso ndi maso. Lolemba lina ndinafika pa kanyenyezi koyera, kakang'ono koma kotentha koopsa, ndiponso koyenda msanga poyerekeza ndi zinzake. Kaundula ankati kakulowera kum'mawa. Nditayerekeza chithunzi chakale ndi chatsopano, ndinaona kuti kakulowera kumpoto.

Poyamba ndinayesa kuti ndagwira chithunzi chozondoka. Ndinabwereza katatu. Kenako ndinalondola njira yake yeniyeni kufikira chaka chimene setilaiti inajambula dera limenelo. Chaka chimenecho kanyenyeziko kanali ndendende kutsogolo kwa nyenyezi yofiira ya a Ndevu. Kuwala konse kumene ankakutama kunali kwa kanyenyezi koyerako. Kompyuta, pokhulupirira kuti kali kwina, inangopereka kuwalako kwa yofiira imene inaipeza pamalopo.

Ndinafufuza kumene cholakwacho chinalowera. Pa gulu lina la magalasi akale, madanga awiri anasinthanitsidwa polemba: manambala a kuyenda kwa kumpoto analowa m'danga la kum'mawa, a kum'mawa m'danga la kumpoto. Sinali nyenyezi imodzi. Zinali 3,112, zolembedwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Pansi pa tsamba la manambalawo panali zilembo zoyamba za dzina la amene analemba. Zinali za Mayi Pensulo.

Achimwene, ndikuuzeni zoona, ndinakhala nazo masiku atatu osauza munthu. Ndinkaganiza kuti ndine mlendo, ndangotha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kontirakiti yanga ndi ya chaka chimodzi chokha. Ndani angamve za ine pamaso pa a Ndevu? Koma chimene chinkandiwawa kwambiri si chimenecho. Ndinkaona mayi uja akulowa m'mawa ndi kachikwama kawo, kundipatsa moni, ine ndili ndi chinthu choti chiwononge kutsanzika kwawo. Ndinafika poganiza zongolumpha mzerewo. Paja mizereyo inasankhidwa mwachisawawa, palibe akanadziwa kuti ndinauona.

Lachinayi ndinadzifunsa kuti ndidzawayang'ana bwanji tsiku lowapatsa mphatso. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinatenga mapepala anga n'kuwatsatira kuchipinda chapansi kumene timasunga magalasi akale.

Chipindacho n'chozizira, chopanda zenera, mashelefu achitsulo mpaka kudenga. Galasi lililonse lili m'envelopu yakeyake, ndipo sugwira popanda magolovesi oyera. Pakati pali tebulo lowala kuchokera pansi, loikapo galasi poliona. Ndinawapeza akupukuta tebulolo. Ndinayamba kufotokoza mozungulira, ndikuchita chibwibwi, mpaka anandiuza kuti ndiike mapepalawo patebulo ndisiye kupepesa.

Anawerenga mpaka kumapeto. Anavala magolovesi, n'kukatenga galasi lake osayang'ana n'komwe nambala ya shelefu. Ananditumanso kukatenga kope la makumi anayi ndi chimodzi. Anatsegula, n'kuyamba kutsata mzere ndi mzere ndi nsonga ya pensulo. Inatha theka la ola, ine ndili chiimire.

Atamaliza anavula magalasi awo amaso n'kunena kuti, “Waona bwino, mwana wanga. Dzanja ili ndi langa. Ndinasinthanitsa madanga.”

Kenako anandifunsa kuti ndinazindikira liti. Ndinati Lolemba. Anagwedeza mutu n'kuti, “Pa zonsezi chimene walakwa iwe ndi masiku atatuwo basi. Lachiwiri ndi Lachitatu kuli anthu kwinakwake amene amawerengera manambala amenewa.”

Anakhala kanthawi akuyang'ana deti la pamwamba pa tsambalo. Anati sabata imeneyo akuikumbukira, koma sanapitirize. Ndinadzamva pambuyo pake kwa mlembi wa ofesi, amene wakhala nawo zaka zambiri, kuti inali sabata imene mwana wawo wamwamuna anagonekedwa m'chipatala atachita ngozi ya njinga yamoto. Ankachokera kuchipatala kubwera kuntchito, kuchoka kuntchito kubwerera kuchipatala. Mwanayo anachira. Koma nkhani imeneyi iwo sanaitchule kwa wina aliyense ngati chifukwa, ngakhale pamene zinthu zinatentha.

Tsiku lomwelo anapita kwa a Changu, ndipo m'mawa mwake tonse tinaitanidwa m'chipinda cha misonkhano. Tinalipo anthu khumi ndi anayi, a Ndevu atakhala kutsogolo. Mayi Pensulo sanadikire kuti wina awatsegulire nkhani. Anaimirira, n'kunena kuti m'kaundula muli cholakwa chachikulu, kuti anachichita ndi iwo, ndipo anatchula chaka, kope ndi tsamba. Mawu awo sananjenjemere. Ine ndinali kumbuyo pafupi ndi chitseko.

A Changu anayesa kupeza njira yachidule. Anati tikonze nyenyezi zochepa zimene zaonekeratu, kaundula atuluke pa tsiku lake, zotsalazo tizikonza mwakachetechete chaka chamawa. Anakumbutsa kuti tsikulo linalengezedwa kale, ndipo akuluakulu amene amathandiza ofesi yathu sakonda kumva za kuchedwa. Ena anavomereza ndi mitu. Kunena zoona sanali kulankhula zopusa, mutu unali kuwawawa ndi zinthu zimene enafe sitizisenza.

Mayi Pensulo anawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anati, “Munthu amene akutsegula kaundulayu ali kutali, sangabwere kudzaona galasi. Amangotikhulupirira. Ine sindingampatse chinthu chimene ndikudziwa kuti n'chokhota, ndili chete.” Anawonjezera kuti ngati ofesi ikufuna kutulutsa pa tsikulo itulutse, koma dzina lawo lichotsedwepo.

A Ndevu ndiwo anatsatira kulankhula. Anafunsa kuti wapeza zimenezi ndani. Atandiloza, anatembenuka n'kundifunsa kuti ndakhala pano miyezi ingati. Nditayankha, anafunsa gulu lonse ngati n'zoona kuti ntchito yawo ya zaka ziwiri ifafanizidwe ndi mwana wa miyezi isanu ndi umodzi. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Mayi Pensulo anawayankha mofatsa kuti amene anafafaniza ntchitoyo si mwanayu, ndi iwo, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo mwanayu wangowerenga zimene ena tonse tinazidumpha. Anandiuza kuti ndionetse zithunzi ziwiri zija pakhoma. Ndinaonetsa, chakale ndi chatsopano, kanyenyezi koyera kakusuntha kulowera pa yofiira ija. A Ndevu anayang'ana nthawi yaitali, dzanja lili kukamwa. Kenako anatola mapepala awo n'kutuluka, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

A Changu anagonja, ngakhale nkhope inali ngati amwa mankhwala owawa. Kaundula anamuimitsa miyezi itatu.

Chimene chinatsatira ndi chimene chinandikhudza kwambiri. Mayi Pensulo anafufuza magulu onse a ofufuza amene anagwiritsapo ntchito manambala olakwikawo. Anapezeka makumi anayi ndi asanu ndi awiri. Anawalembera onse, gulu lililonse kalata yakeyake, kutchula nyenyezi zimene zikuwakhudza, n'kusaina okha. A Changu anati kalatazo zituluke m'dzina la ofesi, iwo anakana, amvekere ofesi sinagwirepo pensulo.

Mayankho ena anali owawa. Mtsikana wina wochita digiri yapamwamba pa za nyenyezi analemba kuti mutu wathunthu wa buku lake wagwa, kutatsala miyezi iwiri kuti akayesedwe. Mayi Pensulo anawerenga kalatayo kawiri, n'kusiya zonse. Anathera masiku atatu akukonza nyenyezi za mtsikanayo poyamba, kuti apeze poyambira. Wina, nkhalamba ya kudziko lina, anangoyankha mzere umodzi, kuti tsopano ndi pamene wayamba kumukhulupirira kwenikweni kaundula wathu. Kalata imeneyo sanaionetse munthu, ndinangoiona chifukwa ndine ndinkaika mayankho m'faelo.

A Ndevu anakalepheretsa nkhani yawo ya kumsonkhano. Patatha sabata anatsika kuofesi kwathu, chinthu chimene sanachitepo chibwerereni ine. Anaika pepala pa desiki yanga, osapereka moni, n'kunena kuti pali nyenyezi khumi ndi imodzi zimene akuzikayikira, ndizione. Zinayi zinapezeka zolakwikadi. Mpaka lero tikakumana m'chikepe amayang'ana nsapato zawo. Sindiwaimba mlandu. Zaka ziwiri si masewera, ndipo pepala lija akanatha kulipereka kwa wina.

Tsopano tili pakati pa kuonanso nyenyezi zonse 3,112. Iliyonse imaonedwa ndi anthu awiri, aliyense payekha, kenako timayerekeza. Tikagwirizana, yadutsa. Tikasiyana, timatsikira kuchipinda chapansi kukafunsa galasi. Tsiku labwino timamaliza makumi anayi. Pofika dzulo tinali pa 1,260, ndipo tapeza kale timadontho makumi asanu ndi atatu timene tinapatsidwa kwa eni olakwika. Ndi ntchito yotopetsa, Achimwene, madzulo ndikatseka maso ndimangoona timadontho. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayi Pensulo anaimitsa kupuma kwawo. Amabwera ndi basi yoyamba monga kale. Maso awo atopa, amathira mankhwala kanayi patsiku ndipo manambala ang'onoang'ono amawaona ndi galasi lokulitsa. Masana amadya buledi ndi chipatso chimodzi pa desiki pomwepo. Sindinawamvepo akudandaula, ndiponso sayenda mozyolika ngati munthu wogwidwa. Tsiku lina tinasiyana pa nyenyezi ina, ndipo galasi linaonetsa kuti wolakwa ndine. Anaseka mpaka kutsokomola, amvekere mtima wawo wakhala pansi poona kuti nanenso ndine munthu.

Sabata yatha a Changu anandiitana ku ofesi yawo. Ndinapita nditakonzeka kumva zoipa. Akuyang'ana wotchi monga mwa masiku onse, anandiuza kuti kontirakiti yanga aiwonjezera zaka ziwiri, ndipo ndisawabweretserenso nkhani ngati ija kutatsala milungu yochepa. Sindinadziwe ngati ndikuyamikiridwa kapena kudzudzulidwa, ndinangothokoza.

Dzana Mayi Pensulo anandionetsa tsamba loyamba la kaundula watsopano. Mwachizolowezi zolakwa zakale amazilemba kumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono. Iwo aziika patsogolo penipeni, ndi kufotokoza chimene chinachitika, dzina lawo pansi pake. M'munsi mwake muli mayina a amene akonza kaundulayo, ndipo langa lilipo. Nditaona dzina la malemu Bambo litalembedwa pamenepo, ndinapempha kutuluka pang'ono. Ndinakaima m'khonde mpaka maso atauma.

Tsopano pempho lija. Mukudziwa kuti ndinalonjeza Amayi kuti ndibwera kumapeto kwa chaka, ndidzakhale milungu isanu ndi umodzi. Munandiuza kuti anayamba kale kuchapa mabulangete a m'chipinda changa ndi kuuza anzawo onse. Achimwene, sindibwera nthawi imeneyo. Ndasintha tikiti, ndidzafika mwezi wachitatu wa chaka chamawa, kaundula akadzatuluka.

Palibe amene wandikakamiza. Tchuthi changa chinali chovomerezedwa kale, ndipo Mayi Pensulo atamva anandikalipira, koyamba chidziwireni nawo. Anati mayi ndi mmodzi, nyenyezi zakhalapo kuyambira kale ndipo sizithawa. Koma mu ofesi yonse amene amatha kuwerenga magalasi akale tilipo awiri okha, iwo ndi ine, poti anandiphunzitsa. Ndikachoka, ndiye kuti akhala okha m'chipinda chozizira chija ndi maso amenewo, kapena kaundula achedwenso, anthu ngati mtsikana uja apitirire kudikira. Ndinaganiza sabata yathunthu ndisanasinthe tikitiyo.

Ndikudziwa kuti Amayi akukula, ndipo miyezi itatu kwa iwo si yofanana ndi miyezi itatu kwa ine. Zimenezi zikundidya mumtima, sindikubisirani. Ngati thanzi lawo litasintha ngakhale pang'ono, mundiuze tsiku lomwelo, osandibisira monga munachitira nthawi ya Bambo. Ndidzasiya zonse n'kukwera ndege.

Chimene ndikupempha n'choti mupite nokha mukawauze. Musawauze pafoni, ndiponso musatume mwana. Mukakhale nawo pansi, muwawerengere kalatayi kuyambira pamene pali Mayi Pensulo, pang'onopang'ono, osathamanga monga mumachitira powerenga. Akatenga tsache n'kuyamba kusesa pamene asesa kale, mudziwe kuti zawapweteka. Musachoke, mudikire mpaka amalize. Akatero mundiimbire, zokalipa zonse ndidzazilandira ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndimawakumbukira tsiku lililonse kukazizira. Moni kwa ana onse, makamaka woyamba uja amene akulemba mayeso chaka chino, alimbikire masamu ndipo asamaope kufunsa. Moni kwa Amalume ndi akazi awo, kwa Azakhali, ndi kwa mng'ono wathu ndi amuna ake, amene akundisungirabe chithunzi cha khanda chimene analonjeza miyezi inayi yapitayo. Anzanu a kugalaja muwapatsenso moni, ngakhale amandiseka.

Moni womaliza ndi wa Amayi. Muwauze kuti sindinawaiwale ndipo sindinasinthe. Ndapeza kuno mayi wina amene sindingathe kumusiya yekha pakati pa ntchito, ndipo khalidwe limeneli anandiphunzitsa ndi Amayi omwewo.

Khalani bwino nonse mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu,
Namagalasi